Mwana wanu akufuna udokotala wa ziweto: yankho kwa bambo a ku Lizulu

Funso la lero lachokera kwa bambo wina amene amalima kachewere ndi kabichi kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Alemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Loweruka lililonse amalawirira kutsatira alangizi a ziweto m'midzi kukatemera nkhuku ndi agalu, ndipo salandira ngakhale tambala. Amabwera madzulo nsapato zili ndowe zokhazokha. Akuti akufuna adzakhale dokotala wa ziweto, pamene ine ndi mayi ake timafuna unamwino. Kodi ntchito imeneyi imadyetsa munthu? Amaphunzira kuti? Nanga inu madokotala, ntchito yaulereyi mumaikonderanji?"

Bambo, zikomo kuti mwayamba mwafunsa musanamuletse mwanayo. Ine ndine dokotala wa ziweto, kwathu ndi ku Dedza cha ku Mayani, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga zathera m'makola a ku Dedza ndi ku Ntcheu kwanuko. Mafunso anu atatu ndiwayankha onse, koma mundilole ndiyambe ndi kumene ine ndinayambira, mwina mungamvetse chimene chikumukoka mwana wanu.

Kwathu tinali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo. Ngoloyo inkatuta manyowa, njerwa ndi matumba a kachewere a anthu, ndipo fizi yathu inkachokera pamenepo. Chaka china, mvula ili mkati, ng'ombe imodzi inayamba kutsalira m'mbuyo kubusa. Wobusa ndinali ine, ndiye woyamba kuona ndinali ine ndemwe: inasiya kubzikula, pansi pa khutu panatuluka mwanabere wamkulu ngati dzira, m'maso mukungochucha misozi. Tinaimwetsa zonse zimene anthu anatiuza. Patapita masiku inayamba kupuma mobanika, ndipo m'mawa wina tinaipeza ili gone, thovu lili tho m'mphuno. Bambo anga, amene sindinawaonepo akukhetsa misozi ngakhale pamaliro, anakhala pansi pafupi ndi khola, chipewa chili m'manja, osatulutsa mawu mpaka dzuwa linakwera. Goli silikokedwa ndi ng'ombe imodzi. Ngolo inaima, ndipo teremu yotsatira mchemwali wanga sanabwerere kusukulu.

Alangizi a ziweto anafika panjinga ng'ombeyo itafa kale, poti tinawaitana mochedwa. Sanakalipe. Anaitumbula, nandiitana ine mwana wa Sitandade 6 kuti ndione mapapo odzaza madzi ndi thovu. Kenaka anapinda khutu la ng'ombe yotsalayo, nandionetsa nkhupakupa zofiirira zitaunjikana m'katimo. "Wapha ng'ombe yanu ndi uyu," anatero. Kufikira tsiku limenelo ine ndinkakhulupirira zimene mudzi wonse unkanong'ona, zoti pali wina watichita chipongwe. Kumva kuti imfayo inali ndi chifukwa chooneka ndi maso, choti munthu n'kuchigwira ndi zala, n'kuchipewa, kunanditembenuza mutu. Matendawo dzina lake ndi East Coast Fever. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamalowa m'magazi nkhupakupa ya m'khutuyo ikaluma. Lero mankhwala ake alipo, buparvaquone, ndipo amachiza ng'ombe ikabayidwa msanga. Katemera wake amapangidwa m'dziko mwathu mommuno, ku Lilongwe, pa malo a African Union ofufuzirapo za nkhupakupa. Ndikamabaya thole katemera ameneyu, nthawi zambiri ndimakumbukira mchemwali wanga uja.

Anthu akamva za vetenale amaganiza za agalu ndi ndowe. Ine chimene ndaona n'chakuti ntchito imeneyi ndi ya anthu. Inu nomwe mukudziwa kuti kwathu kuno mbuzi ndi fizi yoyenda ndi miyendo inayi, nkhumba ndi feteleza wa chaka chamawa, nkhuku ndi sopo, mchere ndi ndiwo ya mlendo. Chiweto chikafa pamakhala mwana amene walephera kupita kusukulu, kapena munda umene walephera kuthiridwa. Mtima umene mukufuna mwana wanu akaugwiritse ntchito pa unamwino ndi womwewo umene ukumudzutsa Loweruka m'mamawa.

Tsono za sukulu. Njira zilipo ziwiri, ndipo ine ndinadzera zonse. Yoyamba ndi ya dipuloma ya zaumoyo wa ziweto, imene imaphunzitsidwa ku Natural Resources College ku Lilongwe, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Kulinso sukulu ya zaziweto ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Omaliza njira imeneyi ndiwo alangizi a ziweto amene mumakumana nawo ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) ya Njolomole, Tsangano kapena Nsipe, amene ambiri timangoti a vetenale. Musawaone mopepuka. Ziweto zambiri za m'dziko muno zimachizidwa ndi manja awo, osati athu. Ine ndinagwira ntchito imeneyi zaka zingapo, poyamba panjinga yakapalasa, kenaka yamoto, ndisanapeze mwayi wopitiriza maphunziro.

Yachiwiri ndi ya digiri ya udokotala weniweniwo. Pa nthawi yathu m'Malawi munalibe sukulu yake, choncho ine ndinakaphunzira ku Lusaka, pa University of Zambia, pamene anzanga ena anapita ku Harare, ku Morogoro m'dziko la Tanzania, kapena ku Nairobi. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri madokotala a ziweto m'dziko muno tinali ochepa zedi, oti n'kudziwana mayina tonse. Mwana wanu ali ndi mwayi umene ife tinalibe: LUANAR, imene likulu lake lili ku Bunda, inatsegula maphunziro amenewa, ndipo madokotala oyamba ophunzitsidwa kwathu konkuno anamaliza mu 2019. Sadzafunika pasipoti kuti akhale dokotala.

Chimene chidzamutsegulire khomo ndi mayeso a MSCE amene ali patsogolo pakewa. Alimbikire Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, osaiwala Chingerezi, ndipo phunziro la Ulimi limathandizanso. Malo a digiriyi ndi ochepa ndipo amalimbirana ana okhoza bwino kwambiri, kotero afunika mapointi otsika, ngati amene amafunika kwa wofuna udokotala wa anthu. Kusankha ophunzira a m'mayunivesite a boma kumayendetsedwa kudzera ku bungwe la NCHE, limene limalengeza zofunika chaka chilichonse, ndipo aphunzitsi aakulu a pasukulu pake angamuonetse chikalatacho. Za fizi, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, la HESLGB. Akapanda kukwanitsa mapointi a digiri, asataye mtima ndipo inunso musamutayitse. Alowere ku dipuloma, agwire ntchito, adzakwere pambuyo pake. Madokotala amene anayamba ndi ulangizi sachita mantha ndi khola lililonse.

Maphunzirowa ndi aatali kuposa a digiri zambiri, ndipo ndi olemetsa. Dokotala wa anthu amaphunzira thupi la mtundu umodzi, ndipo wodwala wake amanena pamene pakupweteka. Ife timaphunzira ng'ombe ya zifu zinayi, bulu amene satha kusanza, nkhuku imene imapera chakudya ndi timiyala m'nthutumba, nkhumba, galu, mphaka, kalulu, nsomba, mpaka nyama zakutchire. Mankhwala ochiza nyama ina amapha inzake. Panado amene mumamwa mutu ukamawawa amapha mphaka. Ndipo palibe wodwala wathu amene amayankha funso. Umayang'ana kaimidwe, kapumidwe, mtundu wa m'zikope, ndowe, kenaka themomita. Ng'ombe yabwinobwino imatentha madigiri 38 mpaka 39, ikapitirira 40 umadziwa kuti m'thupimo muli nkhondo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopupuluma ntchito imeneyi imamukana. Akamaliza, asanayambe kuchiza payekha, amayenera kulembetsa ku Board of Veterinary Surgery, bungwe limene limapereka chilolezo kwa madokotala ndi alangizi a ziweto.

Mwafunsa ngati ntchitoyi imadyetsa. Imadyetsa, bambo, koma sindikunamizani kuti mwana wanu adzalemera msanga. Ambiri amayamba m'boma, ku nthambi ya zaumoyo ndi chitukuko cha ziweto mu unduna wa zamalimidwe: m'maofesi a m'maboma, ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, kuyeza nyama kumalo ophera ziweto, kapena kuunika ziweto ndi nyama zodutsa pa zipata za m'malire monga cha Dedza ndi cha Biriwiri. Malipiro ake ndi a m'boma, mukuwadziwa. Ena amalembedwa ndi makampani a nkhuku, magulu a alimi a ng'ombe zamkaka, kapena mabungwe ogawa mbuzi zopatsirana. Ena amatsegula kachipatala kawo ndi sitolo ya mankhwala a ziweto. Ena amapita ku nyama zakutchire: pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, wogoneka njovu iliyonse ndi mankhwala ndi kuidzutsanso anali dokotala wa ziweto. Ine ntchito imeneyi yandimangira nyumba ndi kuphunzitsa ana anga. Koma walira mvula walira matope. Foni imalira pakati pausiku kuti ng'ombe yalephera kubereka, msewu uli thope lokhalokha, ndipo ukamaliza mwini wake amakupatsa nkhuku kapena lichero la nyemba chifukwa ndicho ali nacho.

Simunalembe, koma ndikudziwa kuti mumtima mukudzifunsa ngati ntchito yotere ingayenere mwana wamkazi. Ng'ombe siigwetsedwa ndi nyonga za munthu, ngakhale akhale chiphona chotani. Imagwetsedwa ndi chingwe chokulungidwa mwaluso, ndipo lusolo amaphunzira aliyense. Pali ntchito zina zimene dzanja laling'ono limaposa langa. Tsiku lina ku Tsangano tinapeza mbuzi imene inavutika kubereka usiku wonse, kamwana katatulutsa mwendo umodzi wokha, mutu utapindikira m'mbuyo. Dzanja langa silikanalowa popanda kuing'amba. Ndinali ndi wophunzira wamkazi amene anabwera kudzazolowera ntchito. Anasamba mpaka m'chigongono, anadzola sopo, nagwada pamanyowa pomwepo. Anadikira mbuziyo ipume kaye, nakankhira kamwanako m'kati pang'ono, anafufuza ndi zala mpaka anagwira chibwano, nawongola mutu. Katatuluka sikankapuma. Anakapukuta m'mphuno, nakatikita ndi chiguduli mpaka kanayetsemula. Agogo eni mbuziyo analulutira ngati kwabadwa mdzukulu. Kumbuyo kwake kunatulukanso kachiwiri, kamoyo.

Ndifike pa funso lanu lachitatu, limene kwa ine ndilo lalikulu.

Ndili mlangizi kudera la kumunsi kwa Dedza, cha kunyanja, mayi wina anabwera ku ofesi ndi mwana wamwamuna wa zaka ngati 8. Anafuna kalata ya a vetenale yoti apite nayo kuchipatala, monga amachitira olumidwa ndi galu. Nditafunsa tsiku limene mwanayo analumidwa, anati papita miyezi iwiri. Kanali kagalu kapakhomo pomwepo, kanamuluma pachala akusewera, ndipo patapita masiku ochepa kanafa. Bala linapola, onse anaiwala. Tsopano mwanayo sankagona, ankangodzidzimuka ndi kamphepo kalikonse. Ndinatunga madzi m'kapu n'kumupatsa. Anatambasula dzanja, ludzu likuoneka pamaso, koma kapuyo itafika pafupi ndi mlomo khosi linamugwira, anaikankha uku akunjenjemera. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi chiwewe, ndipo ndinadziwanso kuti zizindikiro zikafika pamenepa palibe dokotala amene angabweze. Kalatayo ndinalemba dzanja likunthunthumira. Patapita masiku atatu ndinamva za maliro. Katemera amene akanateteza kagalu kaja mtengo wake sufika ngakhale pa wa nkhuku imodzi. Kuyambira nthawi imeneyo Loweruka langa silinakhalenso langa.

Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse ofa nacho, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndipo akalumidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa. Koma matendawa ali ndi pofooka pake: agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, kachilomboko kamasowa podumphira ndipo kamazilala. Vuto n'lakuti agalu athu sakhalitsa, ndipo galu wamkazi amangotenga miyezi iwiri kuti aswe ana ena osatemera. Mudzi umene munautemera chaka chatha, chaka chino wadzaza agalu atsopano. Ndiye ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka, ndipo mlangizi mmodzi amene akuyang'anira midzi yambirimbiri sangaithe yekha. Pafunika wolengeza kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu, wolemba mayina, wonyamula bokosi lozizira kuti katemera asatenthedwe, wogwira galu, wopaka utoto pamphumi pa galu wotemeredwa kuti tisamubwereze. Ndalama zolipira anthu onsewa kulibe. Opanda anthu odzipereka, 70 ija sitingaifike.

Zoti zimatheka tinaziona ku Blantyre. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi boma ndi anthu ongodzipereka, linatemera agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masabata ochepa, ndipo ntchitoyo itabwerezedwa zaka zotsatira, ana ofika ndi chiwewe kuchipatala cha Queen Elizabeth anachepa. Ku Lilongwe bungwe losamalira ziweto la LSPCA limachitanso zotere, kuphatikizapo kuthena agalu ndi kutseka aakazi kuti asachulukane mopanda owasamala. Pa 28 September, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, mudzatipeza pansi pa mtengo pabwalo la sukulu, ndi tebulo limodzi. Amene amabweretsa agalu ndi ana: wina wamumanga ndi luzi, wina wanyamula tiana tinayi m'beseni la amayi ake, wina galu wake safuna chingwe koma amamutsatira pambuyo akamaimba likhweru. Ndikamawaona pamzerepo ndimawawerenga anawo, osati agalu okha.

Za nkhuku nazonso n'chimodzimodzi, ngakhale sizimveka kutali. Chitopa chikalowa m'mudzi, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe, chimasesa khola lonse m'masiku ochepa, ndipo mankhwala ochiza chilibe. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku labotale ya ku Lilongwe ija, sachita kubaya: ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira kamwanapiye mpaka tambala, miyezi inayi iliyonse. Anapangidwa moti azipirira kutentha kuposa akatemera ena, n'chifukwa chake amafika kumidzi yopanda magetsi. Ntchito imeneyi mwana wa Fomu 4 wophunzitsidwa bwino amaitha, ndipo nkhuku zimene akupulumutsazo zambiri ndi za amayi ndi agogo amene alibe chuma china. Mukamuona akubwera madzulo ali mbuu, dziwani kuti ndiko wachokera.

Musaganize kuti iye sakupindulapo kanthu. Kwa ine amabwera ophunzira okhoza bwino m'kalasi, oloweza dzina la fupa lililonse, koma sadziwa kuyandikira ng'ombe, sadziwa kuti khutu la galu likagona chakumbuyo ndiye kuti dzanja lichoke. Chovuta kwambiri, sadziwa kuyankhula ndi mlimi. Amafika pakhomo osapereka moni, n'kuyamba kudzudzula khola. Mlimi wotero sadzakuitananso, ndipo sakuuza zoona kuti chiwetocho wachimwetsa kale chiyani. Mwana wanu akuphunzira zimenezi tsopano, kwa munthu wozidziwa, popanda inu kulipira fizi. Akudziyesanso yekha. Ambiri amakonda tiana ta agalu, koma chikondicho chimatha akanunkhiza bala la mphutsi, kapena akauza mayi wamasiye kuti nkhumba zake zonse sizipulumuka. Ngati wapirira miyezi yonseyi osatopa, osalipidwa, ndiye kuti si zachibwana.

Komabe kudzipereka kuli ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene inu ngati kholo muyenera kuikapo diso. Choyamba ndi thupi lake. Aliyense wogwira agalu kawirikawiri amayenera kulandira katemera wa chiwewe asanalumidwe, ndiye kafunseni kuchipatala za ameneyu. Akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atakhala kuti analandirapo katemera kale. Galu wolumayo asaphedwe mwaphuma ngati n'kotheka kumumanga bwinobwino. Amasungidwa masiku 10 akuyang'aniridwa ndi alangizi. Agalu olusa agwiridwe ndi akuluakulu ozolowera, iye alembe m'kaundula.

Chachiwiri, asabaye mankhwala payekha. M'misika mwathu muno mwadzaza anthu oyenda ndi sirinji ndi botolo la oxytetracycline, obaya chilichonse chimene chafooka, mlingo wongoganizira. Amapha ziweto, amadyetsa anthu mkaka ndi nyama zokhala ndi mankhwala, ndipo amazoloweretsa tizilombo moti mawa mankhwalawo sagwiranso ntchito, kwa ziweto ngakhale kwa anthu. Anthu akamuona akuyenda ndi alangizi adzayamba kumutchula adokotala n'kumamuitana mwamseri. Akane, awalozere kwa alangizi. Tsiku lake lobaya lidzafika ali ndi chilolezo m'manja.

Nsapato za ndowe zija nazonso musaziseke. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo katemera woti tingamudalire kuno palibe. Kachilombo kake kamayenda ndi nyama ya nkhumba yodwala, zotsalira za kukhitchini, matayala ndi nsapato. Kwanu ku Lizuluko, kumene msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique ndipo msika umasonkhanitsa anthu a mbali zonse ziwiri, matenda a ziweto sachedwa kuwoloka. Munthu wofuna kuthandiza angathe kunyamula chigodola kuchoka khola lina n'kukachitula lina, ngakhale lanu lomwe. Mugulireni jombo ndi ovolosi zoti azivala kuntchitoko kokha, azizitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo asanalowe khola lina, ndipo akamva kuti pakhomo pafa nkhumba, asapondemo.

Pali cholakwa chimene ndinachita ndili wamng'ono pantchito, chimene sindifuna kuti iye adzachibwereze. Chifukwa cha chisoni ndinkagula mankhwala ndi malipiro anga n'kumabaya ziweto za anthu ulere. Miyezi ingapo ndinkaoneka munthu wabwino. Kenaka ndalama zinatha, chikwama chinakhala chopanda kanthu, ndipo ng'ombe ina yamkaka imene ndikanaipulumutsa inafa ndikuyang'ana, ndilibe botolo loibayira. Ndinaphunzira kuti nthawi yanga, nzeru zanga ndi manja anga ndingapereke ulere, koma mankhwala ayenera kubwezeredwa mtengo wake kuti mawa apezekenso. Pa chitopa, kandalama kochepa kamene mwini nkhuku amapereka ndi kamene kamagula botolo lotsatira. Katemera wa chiwewe yekha ndi amene ndimalimbikira kuti pa kampeni azikhala waulere, chifukwa galu wa munthu wosauka akatsala, woluma mwana wa aliyense ndi yemweyo.

Chotsala ndi cha inu mwini, bambo. Mwana wamkazi sangamayende m'midzi ndi munthu amene makolo ake sakumudziwa. Pitani ku EPA mukaonane ndi alangiziwo maso ndi maso, mudziwe kumene akupita sabata iliyonse, ndani wina ali pagulupo, ndipo mugwirizane kuti dzuwa lisanalowe akhale ali pakhomo. Mlangizi wa mtima woongoka adzakondwera kuti mwabwera. Muwauzenso kuti mayeso akayandikira, miyezi iwiri kapena itatu yomaliza, mwanayo apume kaye, chifukwa nkhuku zonse za ku Njolomole sizingamulowetse ku Bunda ngati Chemistry yamukanika. Akadzalemba mayeso, pa miyezi yodikira zotsatira, abwerere ndi mphamvu zonse.

Mugulireninso kope lachikuto cholimba. Azilembamo tsiku, mudzi, chiweto, zimene anaona, zimene alangizi anachita, ndi zimene zinatsatira patapita sabata. Alangiziwo azisainira, ndipo pomaliza amulembere kalata yomuchitira umboni. Langa loyamba ndikadali nalo, masamba ake anachita chikasu, ndipo patsamba loyamba pali chithunzi cha nkhupakupa ya m'khutu chimene ndinajambula ndi pensulo. Loweruka likubwerali, ngati kumunda kukulolani, mangani agalu anu mupite naye limodzi. Mukaime chapatali pang'ono, muone mmene amagwirira nkhuku ya agogo pansi pa mkono n'kuitsegula diso, kenaka mukakambirane ndi mayi ake.